DZINA LA PA MALAYA LIDULA KUPOSA NSALU

Mu mzinda wa Lusaka muli malo atatu kumene mnyamata angagule nsapato yokhala ndi cizindikiro ca Nike kapena mizere itatu ya Adidas. Angaigule m'masitolo akulu-akulu a ku Manda Hill ndi ku East Park, kumene imaikidwa pa galasi ndi kuunikiridwa ndi magetsi. Angaigule ku Kamwala kapena kwa ogulitsa a m'mbali mwa miseu ya m'tauni, kumene yatsopano yofanana nayo imapezeka pa mtengo wotsika kwambiri. Angaigulenso pa salaula ku Soweto Market, itabvalidwa kale ndi munthu wina wa ku Ulaya kapena ku America. Cizindikiro ndi cimodzi, koma mitengo ndi itatu, ndipo ulemu umene wobvalayo amalandira kwa anzace nawonso umasiyana.

Kusiyana kumeneku ndiko kwabala mkangano umene umamveka masiku ano m'masukulu, m'makoleji ndi m'makomboni, wakuti kodi cobvala cakuti-cakuti ndi "orijino" kapena ndi "gong'a". Acinyamata ambiri amadziwa kuyang'ana msoko, kapepala ka pa lilime la nsapato ndi kalembedwe ka dzina, ndipo wopezeka atabvala gong'a amasekedwa. Akulu-akulu amaganiza kuti zimenezi ndi zacibwana. Komatu nkhaniyi ikhudza ndalama za m'mabanja, ngongole za ana asukulu, ndiponso mafakitale a nsalu a dziko lino amene anatsekedwa.

CIMENE WOGULA AMALIPIRA

Mu caka ca 2024 nsapato ya Nike yochedwa Air Force 1 inali kugulidwa madola oposa 100 ku America. M'miyezi yambiri ya caka cimeneco dola imodzi inali kusinthidwa pa K25 kapena kuposerapo, kutanthauza kuti nsapatoyo inali yoposa K2,500 isanakwere ndege ndi kulipiridwa msonkho. Kuyambira mwezi wa January caka comweco, malipiro ocepetsetsa a munthu wogwira nchito ya m'nyumba anaikidwa pa K1,300 pa mwezi. Motero mai wocapa ndi kusesa m'nyumba ya eni ace akanagwira nchito pafupi-fupi miyezi iwiri osadya kanthu kuti agulire mwana wace nsapato imodzi yotere. Ndi coyenera tsono kufunsa cimene ciri m'nsapato imeneyi.

Poyamba dzina la pa cobvala linali lonjezo la kulimba. Mu 1873 wamalonda Levi Strauss ndi telala Jacob Davis a ku America analembetsa ku Boma njira yao yokhomera tizitsulo ta mkuwa m'makona a matumba a buluku kuti asang'ambike. Ogula ao anali anthu a nchito zathukuta, ndipo dzina la Levi's linali kuwauza kuti bulukulo lidzapirira. Ndi mmenenso makolo a m'dziko muno akhala akugulira ana ao nsapato za sukulu za Bata, podziwa kuti zidzatha caka cathunthu.

M'kupita kwa nthawi dzina linapatukana ndi nsalu, nkukhala katundu wogulitsidwa payekha. Cizindikiro ca Nike cinajambulidwa mu 1971 ndi wophunzira wina wa pa yunivesiti, Carolyn Davidson, amene analipidwa madola 35. Kampaniyi siisoka yokha nsapato zace: imapereka nchitoyo ku mafakitale a eni ena, maka-maka ku Vietnam, Indonesia ndi China. Nchito yaikulu imene imagwira yokha ndiyo kukonza maonekedwe a katundu ndi kukweza dzina. Mu 1984 inapangana ndi katswiri wa mpira wa basketball Michael Jordan, ndipo m'zaka za 2023 ndi 2024 inali kuononga madola oposa 4 biliyoni pa caka posatsa malonda ndi kulipira akatswiri a masewera. Ndalama zonsezo zimabwezedwa ndi wogula, kuphatikizapo mnyamata wa ku Matero kapena ku Chimwemwe.

Pa maina odula koposa, mpata wa pakati pa nchito ndi mtengo ndi waukulu zedi. Mu 2024 khoti la mu mzinda wa Milan ku Italy linamva kuti fakitale ina inali kulandira mayuro 53 posoka cikwama cimodzi ca Dior, osawerengera mtengo wa cikopa, pamene cikwama comweco cinali kugulitsidwa mayuro 2,600 m'sitolo. Mu 2018 kampani ya Burberry ya ku Britain inaulula kuti m'caka cimodzi inaononga katundu wosagulidwa wa mapaundi 28.6 miliyoni, ndipo inasiya mcitidwewo anthu atadandaula. Katundu ameneyo akanatha kugulitsidwa mochipa, koma cinthu cimene aliyense angacigule sicipatsanso ulemu, ndipo ulemuwo ndiwo malonda eni-eni a makampani otere.

Caka comweco kampani ya nsapato zochipa ya Payless inatsegula sitolo yonamizira ku California nkuicha dzina lomveka ngati la ku Italy lakuti Palessi. Inaikamo nsapato zace za masiku onse za madola 20 mpaka 40, nkuitana anthu ochuka pa nkhani za mafashoni. Alendowo anayamikira kukongola ndi kulimba kwa nsapatozo, ndipo wina analipira madola 640. Pambuyo pace anabwezeredwa ndalama zao, koma phunziro linali litaoneka: ngakhale odzicha akatswiri anaweruza ndi dzina ndi magetsi a m'sitolo.

Izi sizitanthauza kuti zobvala zonse za maina ndi cinyengo. Zambiri zimasokedwa bwino ndithu, ndipo nsapato ya orijino kawiri-kawiri imakhalitsa kuposa gong'a imene imamatuka mvula yoyamba ikagwa. Mfundo ndi yakuti mtengo wa cobvala cotere uli ndi magawo awiri, la nsalu ndi nchito ndiponso la dzina, ndipo mtengo ukamakwera gawo la dzina ndilo limakula.

CIFUKWA CACE ACINYAMATA AMALIFUNA

Kumudzi munthu amadziwika ndi banja lace, munda wace, nkhokwe yace ndi ziweto zace, kotero malaya sangabise kanthu. M'tauni anthu amakumana ndi alendo tsiku liri lonse, ndipo mlendo amaweruzidwa ndi maso. Mnyamata amene alibe nyumba, munda kapena nchito ali ndi cuma cimodzi cokha cimene angayende naco kuli konse, ndico cimene wabvala. Katswiri wa zacuma wa ku America, Thorstein Veblen, analongosola kale mu 1899 kuti anthu amagula zinthu zina pofuna kuti ena aone kuti iwo angakwanitse kuzigula, ndipo anaika zobvala patsogolo cifukwa zimaonekera nthawi zonse.

Mcitidwe umenewu si wacilendo m'dziko muno. Godfrey Wilson, mkulu woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute, anafufuza moyo wa anchito a ku Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe, ndipo m'zolemba zace za mu 1941 ndi 1942 anaonetsa kuti gawo lalikulu la ndalama zao linali kupita ku zobvala. Mu 1956 J. Clyde Mitchell analemba za gule wa kalela ku Luanshya, amene obvina ace anali anyamata a nchito zonyozeka koma anali kubvina atachena m'mabuluku ositidwa bwino ndi nsapato zopukutidwa. M'masiku a atsamunda, pamene munthu wakuda anali kugulira nyama pa zenera la sitolo, kubvala bwino kunali njira yonenera kuti nayenso ndi munthu. Agogo amene amadzudzula adzukulu ao lero anacita zomwezo m'nthawi yao.

Cimene casintha ndi kucuruka kwa maso oyang'ana. Kale mnyamata anali kuonedwa ndi anthu a m'komboni mwace pa Sabata kapena pa ukwati. Lero cithunzi cace cimaikidwa pa Facebook, Instagram ndi TikTok, kumene amayerekezedwa ndi oimba a ku Lagos, Johannesburg ndi Atlanta, ndipo kuoneka kawiri m'malaya amodzi-modzi kumayesedwa manyazi. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni m'Zambia, ambiri a iwo acinyamata ndi ana, ndipo kafukufuku wa Boma wa caka comweco anaonetsa kuti anthu 60 mwa 100 ali onse anali paumphawi. Pamene umphawi uli ponse-ponse, munthu amayesetsa kuti asaoneke ngati mmodzi wa osauka, ndipo dzina la pa cifuwa ndilo njira yofulumira koposa.

Acinyamata sanalote zimenezi. Amaona mmene mlonda wa pa geti amatsegulira wobvala suti nkuyamba kufunsa mafunso wobvala patapata. Amaona amene amalandiridwa msanga m'maofesi, amene amapatsidwa mpando wakutsogolo pa misonkhano, ndi amene amamveredwa pofunsira mbeta. Ngati anthu akulu amalemekeza cobvala, mwana amene amasunga ndalama kuti acigule wawerenga bwino dziko limene akukhalamo.

SALAULA NDI GONG'A

M'zaka za 1970 ndi 1980 katundu wakunja anali wosowa, ndipo anthu ambiri anali kubvala nsalu za ku Kafue Textiles, masuti a Serioes a ku Luanshya ndi zitenje za ku Mulungushi Textiles ku Kabwe, fakitale imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China. Boma la MMD litalowa mu 1991 linatsegula zipata za malonda, ndipo mabelo a salaula anasefukira m'misika yonse. Mulungushi Textiles inayambanso nchito mu 1997 mogwirizana ndi kampani ya ku China, koma inatseka mu 2007, ndipo maboma otsatizana akhala akulonjeza ndi kuyesa kuidzutsa. Salaula si yokha inagwetsa mafakitale amenewa: makina akale, kusowa kwa mpamba, kayendetsedwe kofooka ndi nsalu zochipa za ku Asia zinathandizira.

Karen Tranberg Hansen, amene anafufuza malonda amenewa m'Lusaka nalemba buku lochedwa Salaula mu 2000, anapeza kuti ogula anali kukonda cobvala camakwinya congotuluka m'belo, popeza makwinyawo anali umboni wakuti cacokeradi kunja ndipo sicinabvalidwepo ndi munthu wa kuno. Anaonetsanso kuti ogula pa salaula ndi anthu osankha mwaluso, odziwa nsalu yabwino poikhudza. Salaula inacita cinthu cimene apamwamba sanaciyembekezere: inapatsa mwana wa ku Kanyama jekete ya dzina leni-leni pa mtengo umene angaukwanitse, kotero kuti pa mseu kunakhala kobvuta kusiyanitsa wolemera ndi wosauka. Ndi cifukwa cace lero mpikisano wasamukira pa funso lakuti cinthuco cinagulidwa kuti, ndipo ena amasunga bokosi ndi lisiti kuti aonetse anzao.

Gong'a nayo ndi malonda a dziko lonse lapansi. Lipoti la bungwe la OECD la mu 2019 linati mu 2016 katundu wokopera anali wa madola 509 biliyoni, ndiye kuti magawo 3.3 pa 100 a malonda onse a pakati pa maiko, ndipo nsapato ndi zobvala ndizo zinali kugwidwa kwambiri pa zipata. Wogula gong'a kawiri-kawiri sananamizidwe, amadziwa cimene akugula. Iye wazindikira kuti cimene anzace amayang'ana ndi cizindikiro, ndipo wagula cizindikiro cokhaco. Kuipa kwace nkwakuti akagula nsapato zitatu zomatuka m'caka cimodzi amakhala atataya ndalama zimene zikanagula imodzi yolimba yopanda dzina.

CITSANZO CA ATSOGOLERI

Mbiri ya dziko lino iri ndi zitsanzo ziwiri zimene acinyamata angaphunzirepo. Mtsogoleri woyamba, Dr Kenneth Kaunda, amene anamwalira mu June 2021, anali kubvala suti yosafuna tayi imene telala ali yense wa m'tauni akanatha kusoka. Sutiyo inatenga dzina la mwini wace, ndipo mpaka lero ku East Africa imachedwa Kaunda suit. Apa munthu ndiye anakweza cobvala.

Citsanzo caciwiri cinamveka m'khoti lalikulu la ku London mu 2007, pa mlandu umene Boma la Zambia linasumira mtsogoleri waciwiri, Dr Frederick Chiluba, ndi anzace ena. Khotilo linamva za mabokosi 11 amene anapezeka m'nyumba yosungiramo katundu mu Lusaka, momwe munali mashati 349, majekete ndi masuti 206 ndi mapeya 72 a nsapato, ndiponso za madola oposa 500,000 amene analipiridwa ku sitolo imodzi ya zobvala ya ku Geneva. Woweruza Peter Smith anagamula kuti oimbidwa mlanduwo anabera dziko madola 46 miliyoni. A Chiluba anakana cigamuloco, ndipo mu 2009 khoti la mu Lusaka linawapeza osalakwa pa mlandu wakuba umene anali kuzengedwa kuno. Komabe mbadwo wonse wa ana unamva ziwerengero za mashati ndi nsapatozo pa wailesi. Pamene akulu adandaula kuti ana a masiku ano akonda zobvala zodula, ayenera kukumbukira kumene anawo anaonera.

AMENE AMASENZA MTOLO

Akale anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Mu 2024 bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection linawerengera kuti zofunika za pa mwezi za banja la anthu asanu mu Lusaka zinapitirira K10,000, ndalama zimene mabanja ambiri sazipeza. M'nyumba yotere nsapato imodzi ya orijino imalimbana ndi lendi, thumba la unga ndi ndalama za mabuku. Makolo ena amagonja poopa kuti mwana wao adzasekedwa kusukulu. Acinyamata ena amakongola kwa a kaloba, amene ciongoladzanja cao cimakwera mwezi ndi mwezi, ena amathamangira kubecha pa mpira, ndipo atsikana ena amagwa m'manja mwa amuna akulu-akulu amene amagula ubwenzi ndi zikwama ndi mafoni.

Kumene njira imeneyi imafika kwaoneka kale m'maiko oyandikana nalo dziko lino. Ku Kinshasa ndi ku Brazzaville kuli gulu la amuna ochedwa sapeurs, amene anachuka ndi woimba Papa Wemba, amene amapikisana pa masuti ndi nsapato za ku Paris ndi Milan ngakhale ambiri a iwo amakhala m'nyumba zosauka. Ku South Africa, ca m'ma 2012, kunamveka magulu a anyamata a m'makomboni ochedwa izikhothane, amene anali kung'amba ndi kutentha zobvala zodula pamaso pa anthu poonetsa kuti angagule zina. Ndalamazo kawiri-kawiri zinali za makolo ogwira nchito zamalipiro ocepa. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso wina amene amalipira koma saoneka, ndiye wosoka. Pa 24 April 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh, momwe munali mafakitale osokera makampani a ku Ulaya ndi America, inagwa nkupha anthu 1,134, ambiri a iwo akazi acitsikana. Dzina lolembedwa pa kolala silinena ciri conse za manja amene anaisoka.

Dziko nalo limalipira. Alimi a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi amalima thonje, koma lambiri limatuluka m'dziko litangocotsedwa njere. Likapotedwa, kuombedwa ndi kusokedwa kwina, limabwerera liri ndi dzina lacilendo, kaya latsopano kaya m'belo, ndipo limagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko limazipeza mobvutikira pogulitsa mkuwa. Nchito zonse za pakati pa munda ndi sitolo, zimene acinyamata omwewo akuzisowa, zimatsalira kunja.

DZINA LIMACITA KUPANGIDWA

Kuletsa acinyamata kukonda zobvala zokongola nkosatheka, ndiponso nkosafunika. Kuletsa salaula nako kuli ndi zobvuta zace: dziko la Rwanda litakweza msonkho wa zobvala zakale mu 2016, America inalicotsera mu 2018 mwai wogulitsa zobvala zace kumeneko popanda msonkho, ndipo kuno salaula imadyetsa mabanja zikwi-zikwi ndi kubveka anthu amene sakanatha kugula zatsopano.

Phunziro la mbiri ya Nike ndi Levi's ndi lakuti dzina limacita kupangidwa ndi anthu, poyamba ndi nchito yabwino, kenaka ndi kulichukitsa. Mu 2018 bungwe la mpira la FAZ linayambitsa dzina lace-lace la majezi lochedwa KoPa, ndipo timu ya akazi ya Copper Queens inalibvala pa mpikisano wa dziko lonse mu 2023. Acinyamata anabvala majezi amenewo monyadira cifukwa anawaona pa matupi a anthu amene amawalemekeza. M'misika ya Lusaka, Kitwe ndi Chipata muli atelala amene amasoka madiresi a citenje ndi masuti a ukwati osacititsa manyazi pali ponse. Ambiri a iwo saika ngakhale kansalu ka dzina lao pa kolala, ndipo sadziwa kuti dzina la malonda lingalembetsedwe ku PACRA kuti wina asalibe. Oimba, akatswiri a mpira, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi nduna za Boma akabvala zosokedwa kuno nkumachula amene anazisoka, adzakhala atacitira atelala amenewa nchito imene Michael Jordan anacitira Nike.

Masukulu nawo ali ndi mbali yao. Yunifomu inaikidwa kuti mwana wa nduna ndi mwana wa mlimi akhale pa benchi imodzi osasiyana, ndipo aphunzitsi ayenera kusamala kuti nsapato, zikwama ndi masiku obvala za kunyumba zisabwezeretse mpata umene yunifomu inatseka. Pa maphunziro a masamu ndi a zamalonda, ana angaphunzitsidwe kugawa mtengo wa cobvala ndi masiku amene cidzabvalidwa. Nsapato ya K600 yokhala zaka ziwiri ndi yochipa kuposa ya K250 yotha m'miyezi itatu, ndipo yoposa K2,500 iyenera kufotokoza cimene ndalama zotsalazo zagula.

Koma udindo waukulu uli ndi akulu amene amagawa ulemu. Malinga ngati wofuna nchito adzaweruzidwa ndi nsapato zace asanaonetse masatifiketi, ndipo mlendo wa m'ofesi adzapatsidwa mpando poyang'ana jekete yace, acinyamata adzapitiriza kugula maina, ndipo makolo ao adzapitiriza kulipira.